Mwana Sabwera

Tsiku limene ntchito ya amayi inatha, ndinawapeza atakhala pa sofa ndi jekete lawo lomwe, chikwama chili pamiyendo ngati munthu wodikira basi. Linali Lachitatu masana, ndipo Lachitatu amayi sankafika pakhomo dzuwa lisanalowe. Nsapato anali asanavule. M'nyumba mwathu munthu sankaponda kapeti ndi nsapato, ngakhale atakhala abusa.

"Mwaswera bwanji, amayi? Mwadwala kodi?"

"Tseka chitseko, Ephraim. Ukulowetsa mphepo."

Amayi anga, a Matilda, ankasamalira okalamba pa nyumba ina kuno ku Glasgow. Kampani ya nyumbayo ndiyo inawaitanitsa kuchokera ku Blantyre ine ndili ndi zaka 13. Viza yawo inali yomangirira pa ntchitoyo, yanga yomangirira pa yawo. M'mawa wa tsikulo mabwana anasonkhanitsa antchito onse obwera, a ku Malawi, a ku Zimbabwe, a ku India, n'kuwauza kuti boma lalanda kampaniyo chilolezo cholemba anthu akunja. Aliyense apeze kampani ina yoti imutenge, msanga. Akalephera, abwerere kwawo.

"Msanga wake ndi liti?" ndinafunsa.

"Nyengo yachisanu ino isanathe tidzakhala titadziwa."

Ndinapita kukhitchini kukawaphikira tiyi. Ndikudikira ketulo kuti iwire, m'mutu mwanga munalibe Blantyre, munalibe mayeso omaliza amene anali kutsogolo kwanga. Munali Bruce.

Bruce Hamilton tinali naye kalasi imodzi, ndipo ankakhala pa mdadada woyang'anizana ndi wathu ku Easterhouse. Tonse tinali ndi zaka 17. Anali wamtali, makutu ake otuluka kunja, ofiira nthawi zonse ndi mphepo. Anali ndi galu wowonda ngati wa njala, wa miyendo italiitali, amene kale ankathamanga mipikisano. Tsiku loyamba kukumana nawo panjira ndinadumphira m'matope pothawa galuyo. Bruce anaseka mpaka kugwira mpanda.

"Sangakulume uyu," anatero. "Mano ake theka anatha."

Chingerezi chake chinali cha ku Easterhouse, chomeza mawu, moti ndinkachita kumufunsa kawiri chilichonse. Iye sankatopa kubwereza. Tinayamba kuyenda limodzi ndi galuyo ku paki ya Auchinlea tikaweruka kusukulu. Ankandiuza za sitima zapamadzi zimene amapanga ku Govan, dera lina la mumzinda momwemu, kuti akufuna kudzaphunzira kuwotcherera zitsulo kumeneko ngati agogo ake. Ine ndinkamuuza za phiri la Michiru, za mango a kuseri kwa nyumba yathu ku Chilomoni. Tsiku lina kukuwaza kamvula, tinabisala pansi pa mtengo. Bruce anati manja ake azizira, n'kulowetsa dzanja m'thumba la jekete langa, mmene munali kale dzanja langa. Galu anatiyang'ana n'kuyasamula.

Tinadzapsompsonana koyamba patapita masabata angapo, kuseri kwa magalaja. Ndinabwerera kunyumba ndikupukuta pakamwa ndi mkono wa juzi njira yonse. Sikuti ndinanyansidwa. Ndinkangoona ngati amayi akandiyang'ana aziwerenga zonse pankhope panga.

Kwawo kwa Bruce kunalibe chobisa. Mayi ake, a Flora, oyendetsa basi, ankadziwa kuyambira pachiyambi. Ndikafika ankangowonjezera mbale patebulo. Kwathu Bruce sanalowepo. Amayi ankamudziwira pawindo, ndipo dzina lake linali "mnzako wa galu uja."

Masabata otsatirawo amayi ankadzuka m'mamawa, kusita bulauzi, n'kupita kukagogoda m'nyumba za okalamba ku Shawlands, ku Govan, mpaka kunja kwa mzinda. Yankho linali limodzi kulikonse: antchito tikuwafuna, koma za viza sitingathe. Kenako kampani ina ya ku England inavomera kuwatenga. Vuto linali lakuti ntchito yake inali yokagona m'nyumba ya wodwalayo, m'kachipinda kamodzi. Mwana ayi.

Lamlungu titabwera kutchalitchi, amayi anaimbira achimwene awo, amalume a Fryson, ku Chilomoni. Foni anaitsamiritsa pa botolo la shuga kuti tonse tizionana. Amalume anali pakhonde, atavala vesiti, kumbuyo kwawo tambala akulira.

"Achemwali, apa palibe chovuta," anatero atamva nkhani yonse. "Mnyamatayo mutumizeni kuno. Chipinda chilipo, sukulu ndimupezera. Inu kagwireni ntchitoyo, zikakhazikika mudzamutenganso. Kwa eni kulibe mkuwe, musavutike naye. Ndiponso wakhalitsa kumeneko, angatisokonekere. Timamva zimene ana akuphunzira kumaiko amenewo."

"Ephraim ndi mwana wabwino," amayi anatero.

"Ndiye abwere akadali wabwino." Amalume anaseka, amayinso anaseka pang'ono. "Iwe, uli pomwepo? Tayandikira ndikuone."

"Ndilipo, amalume."

"Wakulatu. Ndevu zayamba. Ubwere ndidzakuphunzitse ntchito za amuna."

Ndinamwetulira mmene mwana amayenera kumwetulira.

Ndili ndi zaka 11, pa msewu wathu ku Chilomoni panali telala wina wachinyamata amene ankasoka pakhonde la golosale. Ankasoka bwino madiresi, ndipo ankatipatsa anafe tizidutswa tansalu tokulungira mpira. Loweruka lina kunabuka mphekesera yoti amupeza ndi mwamuna mnzake. Anthu anakokera makina ake pamsewu, n'kumumenya iyeyo mpaka kusiya kulira. Ine ndinaona zonse ndili pawindo. Amalume anabwera kunyumba dzanja litatupa, akusekerera. Anati, "Za mathanyula kuno ayi. Wa m'nyumba mwanga atayerekeza, ndikamupereka ndekha kupolisi." Telalayo sitinamuonenso. Nthawi imeneyo n'kuti ndisanadziwe dzina la chimene chinali mwa ine, koma ndinkadziwa kuti chilimo.

Foni itadulidwa amayi anati, "Ndi kwa kanthawi chabe. Tikiti ndigula mwezi ukatha."

Bruce ndinamuuza Lolemba titaweruka, tili pa siteji ya basi imene tinkangokhalapo chifukwa inali ndi denga. Anamvetsera akutafuna chingwe cha juzi lake. Nkhani ya telala ndinaidumpha. Ndinangoti kwathu anthu ngati ife amamangidwa.

"Ndiye ukauze boma basi," anatero. "Kuno kuli lamulo. Munthu sangamubweze kudziko kumene angakamumange. Ndinamva pena pake."

"Pena pake pati?"

"Aliyense amadziwa zimenezo."

"Ndikauze boma amayi asakudziwa? Ndili pa mapepala awo, Bruce."

"Auze kaye iwowo."

Ndinaseka, koma kusekako kunatuluka ngati chifuwa. Ndinayesa kumufotokozera kuti Amalawi a mu Glasgow ndi mudzi umodzi, nkhani ikanenedwa ku Govan Lamlungu, pofika Lolemba ili ku Chilomoni. Kuti amayi amaimba kwaya, amavala bulauzi yoyera ya Mvano, ndipo chimwalirire bambo anga anatsala ndi zinthu ziwiri zokha, ine ndi dzina lawo labwino. Kuti nditawauza kenako boma n'kukana, ndidzakwerabe ndege yomweyo, koma amalume adzakandichingamira akudziwa.

"Ndiye ungopita? Osanena kanthu?"

"Sindikudziwa."

"Umachita nane manyazi iwe."

"Si choncho."

"Chaka chonse ine ndine mnyamata wa galu. Pakhomo panu ndimadutsa ngati wakuba."

"Iweyo mayi ako amakufunsa ngati ndikubwera kudzadya. Sungamvetse."

Basi inaima, woyendetsa anatiyang'ana, n'kutseka zitseko n'kupita. Ndinamugwira mkono.

"Lonjeza kuti suuza munthu aliyense."

"Ndalonjeza," anatero, maso ali pamsewu.

Nkhani yoti ndikupita kumudzi inafika kutchalitchi kwathu ku Govan, ndipo azimayi anayamba kubweretsa katundu woti ndikapereke kwa abale awo. Nsapato za ana, mafoni akale, mafuta odzola, jekete la agogo a winawake ku Zomba. Sutikesi yaikulu inakhala pakati pa balaza, ikufufuma tsiku ndi tsiku. Amayi ankaikweza pa sikelo ya kubafa, kutulutsa ichi, kulowetsa icho. Popita kukhitchini ndinkachita kuilambalala.

Chakudya chinasiya kulowa. M'kalasi mphunzitsi akamalankhula ndinkangoona pakamwa pake pakuyenda. Ndikatsala ndekha m'nyumba ndinkaima pagalasi la m'bafa n'kumayeserera. Ndinkayang'ana mmene ndimayendera, mmene manja anga amachitira ndikamalankhula, mmene ndimasekera. Ndinkanena "Mwadzuka bwanji, amalume" mobwerezabwereza, ndikutsitsa mawu mpaka pakhosi kuwawa. Zithunzi za Bruce mu foni ndinazifufuta zonse, kenako ndinazibweza, kenako ndinazifufutanso. Ndinkadzifunsa kuti anthu aja anamudziwa bwanji telala. Kodi anachita kumupezadi, kapena panali kanthu m'mayendedwe ake kamene aliyense ankaona kupatula mwini wake?

Loweruka masana kwathu kunali mayi Mwaiwathu, nesi wa pachipatala chachikulu cha kufupi ndi Govan, mnzawo wa amayi wa kukwaya. Anali atagwada pa sutikesi kuti zipi itseke, amayi akukoka. Kenako wina anagogoda. Ndinakatsegula ine.

Anali mayi ake a Bruce, atavala yunifomu ya kuntchito, keke ili m'chitini m'manja. Kumbuyo kwawo kunali Bruce, maso ali psuu, akuyang'ana nsapato zake.

"Ndinu Matilda?" anatero a Flora, akusuzumira pamwamba pa phewa langa. "Ine ndine Flora, mayi ake a Bruce. Ndabwera za anyamata athuwa."

Mayi Mwaiwathu anali atadzutsa mutu, maso akuyenda kuchoka pa mlendo kupita pa Bruce, kuchoka pa Bruce kubwera pa ine.

Amayi anandiyang'ana. Sanayang'ane mlendoyo, anayang'ana ine, nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa mnzawoyo n'kulankhula m'Chichewa, mawu ali phee.

"Amayi, izi n'za kusukulu. Anawa anakangana, mukudziwa ana. Tiyeni ndikuperekezeni, zotsalazi tidzamaliza mawa."

Anawanyamulira chikwama n'kutsika nawo masitepe. Ndinkawamva akuseka pansi, kuseka kwa pamsewu kuja. A Flora anaona nsapato zitandandalikidwa pakhomo, navula zawo. Ine ndinamukokera Bruce pambali.

"Unalonjeza," ndinanong'ona.

"Anandipeza ndikulira. Umafuna ndiwanamize chiyani?"

"Chilichonse! Ukanati galu wadwala!"

Amayi anabwerera, n'kutseka chitseko. Sanakhale pansi, ndipo sanauze mlendo kuti akhale. A Flora anaika chitini patebulo n'kupukuta manja m'buluku.

"Sindidziwa kuzungulira, Matilda, mundikhululukire. Ephraim wanu ndi Bruce wanga amakondana. Papita nthawi. Kwathu Ephraim ndi mwana wa m'nyumba, ndipo ndi mwana waulemu kuposa wangayu. Ndamva zimene zimachitikira ana ngati iyeyu kwanuko. Chonde musamutumize. Ndikudziwa kuti mwina sizikundikhudza."

"Sizikukukhudzani," amayi anatero m'Chingerezi.

"N'zoona. Koma ndikanakhala chete, n'kudzamva kuti china chake chamuchitikira, sindikanagonanso. Ku Govan kuli maloya othandiza anthu obwera, safuna malipiro. Ali pamwamba pa shopu ya makapeti, pafupi ndi siteshoni. Mukangowafunsa chabe."

Bruce anafuna kunena kanthu, mayi ake anamugwira paphewa.

"Zikomo chifukwa cha keke, Mayi Hamilton," amayi anatero, n'kutsegula chitseko.

Alendowo atapita, amayi anaima chondifulatira, dzanja lili pa chogwirira cha chitseko.

"Zoona zimenezi?"

Ndikanatha kukana. Mawu okanira anali okonzeka kale pakamwa, ndinali nditawayeserera zaka zambiri. Koma ndinali nditatopa.

"Eya, amayi."

"Chiyambire liti?"

"Za Bruce, chaka chatha. Zinazo, kalekale."

"Kalekale." Anatembenuka. "Tili ku Chilomoni?"

"Eya."

Anagwira mpando ngati pansi pakutsetsereka.

"Tsiku la telala lija unali kuti iwe?"

"Pawindo."

Analowa kuchipinda kwawo n'kutseka. Patapita kanthawi ndinamva akupemphera, motsitsa poyamba, kenako mokweza. Mawu ambiri sindinawamve, koma dzina langa linkabwerabwera.

Masiku otsatirawo amayi sanandilankhule. Chakudya changa ndinkachipeza patebulo chitavindikiridwa ndi mbale, iwo atadya kale. Lamlungu anapita okha kutchalitchi, osandidzutsa. Sutikesi inali pomwe paja. Foni yawo ikalira ndinkasiya kupuma, n'kumamvetsera kuti akulankhula ndi ndani, ndi mawu otani. Ndinkaganiza za abusa kubwera kudzandisanjika manja. Ndinkaganiza za tikiti kugulidwa msanga kuposa mmene ananenera. Bruce ankanditumizira mauthenga tsiku lonse. Sindinayankhe ngakhale umodzi, ndipo m'kalasi ndinasamukira kutsogolo.

Lachinayi nditabwera kusukulu anandiitana.

"Khala apa."

Foni inali itatsamira kale pa botolo la shuga, ikuitana. Ndinakhala. Ndinadziwa kuti basi, akuwauza amalume ine ndili pomwepo.

"Achemwali!" amalume anatero. "Tikiti ija mwagula? Bedi ndakonzetsa kale kwa kalipentala."

"Achimwene, mwana sabwera."

"Mwati bwanji?"

"Ndaganiza bwino. Mayeso ali pafupi, akasokonezeka."

"Nanga ntchito ija?"

"Ndaikana."

Nkhope ya amalume inayandikira mpaka kudzaza foni yonse. "Mwapenga kodi, Matilda? Mukufuna akuthamangitseni nonse awiri?"

"Akatithamangitsa tidzabwera awiri. Tidzapeza pokhala patokha."

"Patokha? Nyumba yanga yanunkha liti? Pali chimene mukubisa inu. Walakwa chiyani mwanayo? Iwe Ephraim, wapalamula chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa, koma amayi anaika dzanja pa bondo langa, n'kukanikiza mpaka kuwawa.

"Sanapalamule kanthu. Ndi mwana wanga, ndikhala naye. Mupereke moni kwa alamu."

Anadula foni, n'kuigoneka chafufumimba. Inayambanso kulira nthawi yomweyo. Anaisiya ilire mpaka inatopa yokha.

"Usaganize kuti ndavomereza," anatero, akuyang'ana pakhoma. "Mtima wanga ukuwawa. Sindikudziwa kuti ndizimuuza chiyani Mulungu, ndipo mnyamata uja sindikufuna kumuona m'nyumba muno. Koma achimwene anga ndimawadziwa. Dzanja lija ndinawamanga ndine bandeji."

Misozi inayamba kundituluka. Ndinayesa kuibweza, inakana.

"Dzulo ndinapita kwa maloya ananena mayi uja," anapitiriza. "Akuti njira ilipo, koma ndi yaitali, ndipo boma likhoza kukana. Akuti akakufunsa mafunso oti munthu safunsa mwana wa mnzake. Ndawauza kuti tiyesa kaye ntchito. Zikakanika, udzasankha wekha. Wakula."

"Zikomo, amayi."

"Usandithokoze. Tulutsa katundu wa anthu mu sutikesimo."

Kubweza katunduyo kunali ntchito. Lamlungu tinakwera naye basi m'majumbo, n'kumapereka kwa eni ake pabwalo la tchalitchi mapemphero atatha. Aliyense anali ndi funso. Mayi Mwaiwathu anafunsa ngati mkangano wa kusukulu uja unatha. Amayi anayankha kuti unatha, ana sasunga mangawa, ndipo ananena zimenezi nkhope ili gwa, duku lili chilili. Masiku amenewa asanafike ndinali ndisanawaonepo akunama. Pobwerera m'basi anakhala mpando wa patsogolo panga, akuyang'ana pawindo, ndipo ndinaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Ntchito ya ku England itapita tinatsala opanda kalikonse. Amayi anayambiranso kugogoda. Anaonda, malaya anayamba kuwakhwepa. Nthawi zina ndikawayang'ana ndinkadziuza kuti zonsezi ndi ine, kuti ndikanangokwera ndege bwenzi iwo ali pantchito. Tsiku lina ndinawauza zimenezi. Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo china, n'kundituma kukataya zinyalala.

Chisanu chitatsala pang'ono kutha, nyumba ina yaing'ono ya ku Shawlands imene inawabweza poyamba inaimba foni. Wantchito wawo mmodzi anali atasamukira ku Canada. Anawatenga, mapepala anatumizidwa ku boma, ndipo anatiuza kuti tidikire yankho. Amayi anagwada pakhitchini pomwepo n'kuimba nyimbo yonse, mavesi onse. Ine ndinaima pakhomo osadziwa ngati ndikuloledwa kuimba nawo.

Bruce ndinali ndisanamulankhulebe. Anandipeza pa geti la sukulu Lachisanu lina.

"Andiitana ku Govan," anatero. "Kopanga sitima kuja. Lolemba m'mawa akandifunse mafunso. Amayi ali pa shifiti." Anakanda khutu. "Ndikuchita mantha kupita ndekha."

Ndinamusiya pa geti pomwepo. Koma Lolemba kunalibe sukulu, ndipo ndinadzuka n'kuvala. Amayi anali pabalaza akusita yunifomu yawo yatsopano.

"Ndikupita ku Govan ndi Bruce."

"Sindinakufunse," anatero, ayironi ikuyendabe. Nditafika pachitseko anawonjezera, "Chakudya chikapsa ndidya. Sindidikira munthu."

Bruce anali pa siteshoni ya Easterhouse atavala suti ya msuweni wake, manja ake aafupi. Atandiona anafuna kumwetulira, n'kudzigwira. M'sitima yopita m'tauni sitinalankhule. Tinayamba kulankhula titalowa m'kasitima ka pansi pa nthaka, kamene phokoso lake limabisa mawu.

"Ndikadali wokwiya," ndinatero.

"Ndikudziwa."

"Zikanatha kuipa kwambiri."

"Koma sizinaipe."

"Sukudziwa mmene zikanaipira. Unaponya moyo wanga m'mwamba ngati ndalama yachitsulo, osadziwa kuti ugwera mbali iti."

"Pepa," anatero. "Koma ndisakunamize. Zitabwereranso ndikhoza kuchita zomwezo." Kenako anati, "Ndiuze zimene sindikudziwazo."

Ndinamuuza za telala. Ndinali ndisanauzepo munthu aliyense nkhaniyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Makutu ake anasiya kufiira, anayera. Anangosuntha mwendo mpaka bondo lake linagunda langa, n'kulisiya pomwepo.

Pa siteshoni ya Partick panakwera bambo Brown, Mmalawi mnzathu, mkulu wa mpingo wa kutchalitchi kwathu, nyuzipepala ili kukhwapa. Anakhala moyang'anizana nafe. Maso awo anatsika pa mawondo athu, kapena ndinangoona ngati anatero. Ndinaimirira mwaulemu, sitima ikundigwedeza.

"Muli bwanji, bambo?"

"Aa, Ephraim! Ndili bwino, kaya iwe? Mapepala a mayi ako atuluka?"

"Tikudikirabe."

"Tikupempherera. Nanga uyu ndani?"

"Ndi Bruce."

Anadikira kuti ndiwonjezere, kuti mnzanga wa kusukulu, kapena woyandikana nafe nyumba. Sindinawonjezere. Ndinakhalanso pansi pamalo pomwe ndinali. Bruce anatambasula dzanja, bambo Brown analilandira, namuyang'ana suti yake, n'kumufunsa m'Chingerezi ngati akupita kukakwatira. Bruce anati ayi, akukafuna ntchito. Anamufunira zabwino zonse n'kutsegula nyuzipepala. Sindinathe kudziwa ngati ankawerengadi.

Titatsika pa Govan shati yanga inali itanyowa kumsana. Bruce anandiyang'ana.

"Uli bwino?"

"Ayi. Tiye, uchedwa."

Ndinamuperekeza mpaka pa geti. Mlonda anayang'ana dzina lake n'kumulozera khomo. Ine ndinakhala pakakhoma ka tsidya la msewu. Foni ndinaiika pa bondo kuti ikalira ndione msanga ngati ndi amayi, kapena amalume, kapena nambala yachilendo yobweretsa yankho la boma. Kuseri kwa mpanda kunkamveka zitsulo zikugundana. Foni sinalire. Dzuwa litafika pamutu Bruce anatuluka, tayi ili m'manja, akundifunafuna ndi maso pakati pa amuna a maovolosi amene ankapita kukadya. Ndinaimirira kuti andione.